Mlendo wa Tsiku Limodzi ndi Abwenzi Ace Akale

Mwa maulendo onse amene munthu ayenda m'moyo wace, ulipo umodzi umene utopetsa mtima koposa miyendo, ndiwo ulendo wobwerera ku dziko la eni kumene anagwirako nchito pa unyamata wace. Woyenda ulendo wotere kawiri kawiri anyamula mapepala awiri m'thumba la malaya. Pa pepala loyamba palembedwa zimene watumidwa ndi zimene afuna kukonza: kalata yokapereka, cidindo cokapempha ku ofesi, phukusi la mwini wace. Pa laciwiri pali maina a anthu amene anadya nao nsima m'mbale imodzi zaka zambiri zapitazo. Ndalama za ulendo ziri zowerengeka, ndi malo ogona ali opempha. Cotero masiku acepa, ndipo nthawi zina litsala tsiku limodzi lokha. Funso tsono ndi ili: tsiku limenelo ndi la yani? Ndi la mapepala kodi, kapena la anthu? Ndipo ngati liri la anthu, ayambe ndi yani, nasiye yani?

Funso ili lagwera mabanja ambiri a ku cigawo ca kum'mawa kwa Zambia, pakuti abwenzi ao ambiri ali tsidya lija la Zambezi. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, ng'ombe zao zambiri zinalandidwa, ndipo pasanapite nthawi yaitali unadza msonkho wa nyumba, umene unafuna ndalama zosapezeka m'mudzi. Pamenepo amuna a ku Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata, ndi a ku Petauke ndi madera ena, anayamba kutsikira kumwera pa miyendo, ambiri naoloka Zambezi pa Feira, kukafuna nchito m'migodi, m'mafamu, pa njanji ndi m'nyumba za Azungu ku Southern Rhodesia. Pa zaka za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, mzinda wa Salisbury unali likulu la maiko atatu, ndipo Cinyanja cinamveka m'makomboni ace. Ena anabwerera kwao ndi njinga, makina osokera ndi bokosi la zobvala. Ena anakwatira komweko nakhala machona. Pambuyo pace ndale zinamanga mpanda pakati pao. Zambia inalandira ufulu mu 1964, boma la Ian Smith linapandukira Britain mu 1965, ndipo m'January 1973 malire anatsekedwa. Njanji inatsegulidwanso mu 1978, koma kuyenderana kwa anthu wamba kunadikira kutha kwa nkhondo ndi ufulu wa Zimbabwe mu 1980. Anthu amene anatsazikana poyesa kuti adzaonana pa Krisimasi anakalamba osaonana.

Munthu wa mbadwo umenewo akafuna kukaona anzace, njira yace ndi yaitali. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita monga 570, ndi kucokera ku Lusaka kufika ku Harare monga 490, kudzera pa Chirundu, pamene mlatho woyamba unatsegulidwa mu 1939 ndi waciwiri mu 2002. Atafika apeza kuti ngakhale maina anasinthika: Salisbury anasanduka Harare mu 1982, ndipo komboni yakale ya Harari ndiyo Mbare. Mamawa ayenera kukaima pa mzere ku ofesi, kufunsa za penshoni yace kapena za kalata ya imfa ya mbale amene anaikidwa komweko. Ali ndi thumba la mtedza limene mkazi wamasiye wa m'mudzi mwao anampatsa kuti akapereke kwa mlongo wace. Ali ndi ndalama zokasintha ndi tikiti ya basi yobwerera yokagula. Koma abwenzi ace sakhala pa bwalo limodzi monga kumudzi. Wina ali ku Mbare, wina ku Highfield, wina ku Mufakose kumadzulo kwa mzinda, ndi wina ku Mabvuku kum'mawa. Ndipo wocoka ku mbali imodzi kunka ku inzace atsika m'tauni nakwera basi yina. Dzuwa liyenda monga mwa masiku onse, losasamala kuti munthuyu anadikira tsiku limeneli zaka zambiri.

Alipo amene ayankha msanga nati, "Anthu aposa mapepala, asiye maofesi, apite kwa abwenzi." Mau awa akoma m'khutu, koma sanayese mlandu wonse, pakuti kuseri kwa pepala liri lonse kuli munthu. Thumba la mtedza lija ndi moni wa mlongo kwa mlongo wace, ndipo mwini wace alibe pasipoti kapena ndalama ya basi. Miyendo yace ndiye mlendoyu. Kalata ya imfa ija kapena ndiyo imene ana amasiye aidikira kuti alandire za atate wao. Munthu wobvomera kutumidwa wasenza cikhulupiriro ca mnzace. Ndipo akabwera nalo phukusi losaperekedwa, nanena kuti, "Ndinatanganidwa ndi kuceza," wakondweretsa mtima wace ndi nthawi ya eni. Cotero zotumidwa nazonso ziri nchito ya ubwenzi, ubwenzi wa iwo amene anatsala kumudzi. Wanzeru aziwerenga ali kwao asananyamuke, nakana mwaulemu zimene adziwa kuti sadzazitha. Pakuti kukana pa khomo kupweteka pang'ono, koma kukhumudwitsa pobwera kupweteka nthawi yaitali.

Aliponso ena amene ati, "Agawe tsiku mofanana, aonekere pa khomo liri lonse ngakhale kanthawi kocepa." Nzeru iyi iri ndi coonadi cace. Pa mwambo wa Acewa, Ansenga ndi Angoni, kupitirira khomo la mnzako osaodira ndi mlandu, ndipo mbiri iyenda msanga pakati pa anthu a kumodzi okhala m'dziko la eni. Nkhalamba ikamva kuti mnzace anafika mu Harare nabwerera osaiona, bala lace silipola msanga. Koma mwambo womwewo sudziwa kuceza kwa mphindi zisanu. Mlendo alandiridwa katundu, apatsidwa pokhala, nafunsidwa malonje. Afotokoza za ulendo, za mvula, za odwala ndi za maliro, mwini nyumba nabwezera zace; nkhuku igwidwa, ndi madzi a nsima aterekedwa pa moto. Munthu woimirira madziwo asanawire, maso ali pa wochi, wacititsa manyazi mkazi wa mnzace. Wofika pa makomo 6 m'tsiku limodzi abwerera ndi zithunzi 6 m'foni yace, koma sadziwa cimene cidwalitsa mnzace kapena cimene cimsowetsa tulo. Za wotere akulu anati, "Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada."

Pansi pa funso la nthawi pagona funso lina lalikulu: kodi mlendoyu wadzaona yani? Ambiri obwerera ku malo akale ayesa kuti afuna abwenzi, pamene cimene mtima ufuna ndi unyamata wao womwe. Alakalaka kumvanso nkhani zakale: za kapitao waukali, za mpira wa Loweruka, za gule wa m'komboni, za usiku umene anathawa apolisi ofunsa citupa. Nkhani izi siziri zoipa. Ndizo nkhuni zoyatsira moto wa maceza. Koma mnzace uja sanaime pamene anamsiya. Wakhala zaka zambiri zimene mlendo sanazione, ndipo kwa machona ndi ana ao zaka zimenezo zinali zolemera. Kuyambira m'caka ca 2000 mafamu a Azungu analandidwa, ndipo anchito ambiri, amene makolo ao anacokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anataya nchito ndi pogona pamodzi, opanda mudzi wothawirako. Lamulo la mu 2001 linacititsa ambiri obadwira komweko kuyesedwa alendo, kufikira malamulo akulu a dziko a mu 2013 anawatseguliranso njira. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba ndi misika imene linati njosaloledwa m'mizinda, ndi ku Mbare komwe, ndipo nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera kuti anthu monga 700,000 anataya nyumba kapena copezera cakudya. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe inatha mphamvu, kotero kuti zosunga ndi penshoni za moyo wonse zinasanduka cabe. Nkhalamba imene yakhala pa mpando pamaso pa mlendo inapyola m'zonsezi. Adzukulu ace alankhula Cishona, ndipo sadziwa kumene kuli Katete kapena Chadiza.

Cifukwa cace nchito yoyamba ya mlendo ndiyo kumvetsera. Ziripo zolakwa ziwiri zimene zimlalira pa khomo. Coyamba ndico kudzitama: kuwerenga ng'ombe zace, malata a nyumba yace ndi ana ace ophunzira, pamaso pa munthu wokhala m'cipinda cimodzi ca lendi. Caciwiri ndico kuweruza, ngakhale ndi mau oseka: "Acimwene, munakhaliranji kuno? Mukadabwerera kumudzi si bwenzi muli cotere." Mau awa alasa, pakuti mchona wadzifunsa yekha funso limeneli usiku wambiri, ndipo yankho lace liri m'manda a mkazi wace ndi m'ana amene alibe kwao kwina. Wobwerera ndi wotsala onse awiri anasankha ali anyamata, osaona za m'tsogolo. Wina zinamkomera, wina zinambvuta, ndipo pali pocepa pamene nzeru ya munthu ingadzitamande. Mlendo amene angofuna mnyamata uja wa kale adzacoka wokhumudwa, nadzanena kuti, "Anasinthika." Koma amene alola kudziwana naye kaciwiri, monga ali lero, adzapeza kuti cibale ndi pfupa, siciola.

Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anafa m'caka ca 322 Kristu asanabadwe, anasiyanitsa mitundu itatu ya ubwenzi: wa phindu, wa cikondwerero, ndi wa anthu okondana cifukwa ca khalidwe lao. Anaphunzitsanso kuti kutalikirana kuimitsa nchito za ubwenzi osaupha, koma kuti kukanyanya kudzetsa kuiwalana. Tsiku limodzi la mlendo ndilo muyeso woonetsa kuti ubwenzi wace uli wa mtundu uti, pakuti pepala la maina lija lidzikonza lokha ngati mwini wace sacenjera. Pamwamba pakwera iye amene ali ndi galimoto, amene adziwana ndi kalaliki wa ku ofesi, amene nyumba yace iri pafupi ndi mseu, ndi amene aseketsa. Pansi patsikira wodwala, wogontha amene kuceza naye kutopetsa, wosauka amene kapena angapemphe kanthu, ndi mkazi wamasiye wa mnzace amene anamwalira. Mlendo sanaganize coipa ciri conse. Anangotsata njira yofewa, monga madzi atsata kotsetsereka. Madzulo adzati nthawi inacepa, ndipo adzakhala atanena zoona. Koma nthawiyo inacepera anthu omwewo amene icepera masiku onse.

Muyeso wolungama tsono ndi uwu: ayambe ndi iye amene sangathe kudikira ulendo wina, ndiponso sangathe kudza yekha. Wamphamvu atha kukwera basi nadzapeza mlendo kumene ali. Wa galimoto atha kuitanidwa. Wodziwa foni adzamveka mau ace mwezi wamawa. Koma nkhalamba yogona pa mphasa iribe njira yina yoonera nkhope ya mnzace, koma mnzaceyo alowe m'nyumba. Otsala a mbadwo umene unanka ku Salisbury pa masiku a Citaganya tsopano afika pa zaka 80 kapena kupitirira, ndipo kwa iwo mau akuti "ulendo wina" alibe cikole. Zengerezu analinda kwaukwau. Pamodzi ndi wodwala pali mkazi wamasiye. Mwambo sunaike malire a nthawi ya kupepesa maliro, ngakhale patapita zaka, mlendo ayenera kukhala pansi nanena, "Alamu, ndinamva mocedwa, ndipo njira inali yaitali. Pepani." Amuna a masiku aja anapanga mabungwe a maliro m'makomboni, nasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, kuti wa kwao asaikidwe monga wopanda abale. Iye amene anasonkha nao m'bungwe lotere, akapitirira nyumba ya wamasiye pothamangira phwando, waphwanya pangano limene anacita ali mnyamata.

Nanga ena onse aja, asiyidwe kodi? Iai, koma m'malo mwa kuti munthu mmodzi azungulire mzinda wonse, mzinda ungathe kudza kwa iye. Akatumiza mau asananyamuke kwao, kuti pa tsiku lakuti adzakhala ku nyumba ya wodwala uja kuyambira masana kufikira madzulo, amphamvu adzasonkhana komweko. Potero wodwalayo alandira alendo asanu m'malo mwa mmodzi, ndipo anthu okhala mumzinda umodzi, amene iwonso anatha zaka osayenderana, aonana cifukwa ca mlendo wocokera kutali. Apao ndi mizu ya kacere, akomana pansi. Mlendo woganiza bwino adza ndi ufa ndi ndiwo, kuti ulemu wa nyumbayo usasanduke ngongole. Ndipo kwa amene sanathe kufika, atumize mau oona tsiku lomwelo, onena kumene anali ndi cifukwa cace. Munthu wolungama sakwiya pomva kuti mnzace anamsiya cifukwa ca wodwala. Cimene cikwiyitsa ndi kumva kwa anthu ena kuti anabwera nabisala.

Zotumidwa zija nazo ziri ndi malo ace, ndipo sikuyenera kuti zilimbane ndi maceza. Ubwenzi wa anthu awa sunabadwire pa mpando. Unabadwira pa nchito: ponyamula matumba, pokonza njanji, podikira malipiro pa windo. Cotero mlendo akapempha mnzace wamphamvu kuti amperekeze ku ofesi mamawa, wampatsa ulemu wa kukhala mwini mzinda, wodziwa khomo loyenera ndi cinenero ca kalaliki. Pa mzere wautali amuna awiri akamba zimene sakadazichula pamaso pa ana, za ngongole, za matenda ndi za mantha a ukalamba. Citsanzo ca kukomana kotere cipezeka m'mbiri imene inayambira m'Zambia momwemo. David Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, James Chuma ndi Abdullah Susi anatsogolera onyamula mtembo wace kufikira ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja yamcere, nafikako m'February 1874. Caka comweco anaoloka kunka ku Britain, ndipo kumeneko anapeza Horace Waller, amene anadziwa Chuma ali mwana ku mishoni ya Magomero, ataomboledwa mu ukapolo mu 1861. Anali atasiyana zaka monga 10. Waller anali ndi nchito yokonza zolemba zotsiriza za Livingstone kuti zisindikizidwe, ndipo za masiku omariza ndi za ulendo wa mtembo sakadazidziwa popanda iwo. Anakhala naye pansi nafotokoza njira, midzi ndi mitsinje, ndipo bukulo linaturuka m'caka comweco ca 1874. Kuceza kwao kunali nchito, ndipo cifukwa ca nchitoyo zimene anaona sizinataike.

Mwini nyumba nayenso ali ndi mangawa ace. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo wokonda mnzace samgwira mwendo pamene adziwa kuti ali ndi phukusi la wamasiye losaperekedwa. Sayamba maceza ndi kuwerenga makalata osayankhidwa, pakuti mlandu wa zaka zambiri sungazengedwe m'maora atatu, ndipo kawiri kawiri mbali zonse ziwiri ziri ndi kupalamula kwace. Sayesanso kuti ali yense wocokera kutali ali ndi cuma. Ambiri anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya basi. Ngati pali kusowa kweni kweni, kunenedwe poyera, ndi kuyankhidwa poyera monga mwa mphamvu ya mlendo. Pakuti pempho lobisika m'madandaulo liononga maceza koposa pempho loonekera. Ndipo pakucoka mlendo, kumperekeza kufikira pokwerera basi ndi mphatso imene ngakhale wosauka ali nayo.

Cotsiriza ndico kutsazikana, ndipo apa ndi pamene anthu abwino anama kawiri kawiri. Mlendo ati, "Ndidzabweranso caka camawa," alikudziwa mumtima kuti ndalama ndi mawondo sizidzalola. Ayesa kuti atonthoza mnzace, koma amsiya alikuwerenga miyezi. Kuli bwino kulonjeza cacing'ono cimene cidzacitika: kuimba foni pa tsiku loyamba la mwezi, kutumiza cithunzi ca mudzi, kufikitsa moni kwa mlongo amene akali moyo ku Petauke, kupatsa mdzukulu dzina la mfumu ndi la mudzi wa makolo ace kuti alilembe. Nkhalamba ziwiri zimene zidziwa kuti kapena sizidzaonananso zitha kunena comweco popanda manyazi, ndi kuyamikana pa zimene zinacitirana. Mau otere sanenedwa pa khomo mothamanga, afuna kuti anthu akhale atadya pamodzi.

Tsiku lija tsono liri la onse awiri, otuma ndi ocezeredwa, koma siligawidwa ndi muyeso wofanana. Zotumidwa zicepetsedwe mlendo asananyamuke, ndi kucitidwa mokhulupirika pamodzi ndi mnzace. Gawo lalikulu ndi labwino liperekedwe kwa iye amene sangadikire ndi amene sangabweze kanthu. Ndipo ngati wina afuna kudziwa kuti tsikulo linayenda bwino kapena iai, mudzi uli ndi muyeso wace. Mlendo akabwerera kwao, anthu adzasonkhana kudzamva malonje, nadzafunsa, "Munawapeza bwanji aPhiri? Nanga amai aja, akali ndi mphamvu? Ana awasamala kodi?" Wothamanga pa makomo ambiri adzayankha, "Ali bwino onse," popeza alibe mau ena. Koma amene anakhala pansi adzafotokoza za mwendo wotupa, za mwana wamkazi amene atumiza ndalama kucokera ku Johannesburg, za manda amene afuna kulambulidwa. Ndipo abale akumva adzadziwa cimene ayenera kucita.